Munkangoti Ndi Moto wa Zitsulo

Lero zakwana zaka zinayi chichokereni inu, mdzukulu wanga, koma mtima wanga sunaphwe. Akundilembera mawu awa ndi mlongo wanu, poti ine cholembera sindinachigwirepo. Wandipempha kuti ndifewetse pakamwa, akuti omwalira sawakalipira. Ndamuuza alembe momwe ndikunenera. Ndinakuchenjezani, inu simunamve.

Woyamba kuona ndinali ine. Munkagunda phewa pa felemu ya chitseko chimene munachiwotcherera nokha. Ndikakupatsirani kapu ndili pambali panu, dzanja langa linkatopa m'malere mpaka ndiibweretse kutsogolo. Munthu akakuyankhulani cha kumbali, munkatembenuza mutu wonse ngati nkhuku. Madzi munkamwa ngati mwameza makala, chigubu sichinkachoka pafupi ndi makina anu, koma shuga atakuyezani sanamupeze. Ndinakuuzani kuti m'mutumo muli chinthu. Munaseka, n'kunena kuti mkazi wanuyu mantha adzamupha, poti ndi mmene munkandiitanira kuyambira muli kamwana, mkazi wanga. Inde ndimaopa zambiri. Ndimaopa mphezi, mawaya a magetsi, galu wa eni, mwana wosewera m'mbali mwa msewu. Munandipatsa dzina loti aSamalani, nyumba yonse n'kulitola. Nanga wamantha sangakhale ndi tsiku lonena zoona?

Anzanu a kushedi kuja kumene munkawotcherera zitsulo mpaka lero moni wanga sawuona. Ndiwo anakulimbitsani mtima kuti wowotcherera zitsulo aliyense maso amamuvuta, ndi moto wa ntchito basi, mudontheze mkaka m'maso mugone. Inu munamvera iwo. Kuchipatala cha maso munawerenga zilembo zonse za pakhoma mpaka tating'ono ta m'munsi, n'kundiyang'ana monyada. Kenaka dokotala anakuuzani kuti muyang'anitsitse mphuno yake, iye akugwedeza zala cha kumbali. Simunazione. Ine nkhalamba ya ng'ala ndinaziona zala zija, inu mnyamata ayi. Anati vuto silili m'maso, lili kuseri kwake, pamene mitsempha ya maso awiri imapingasana, ndipo anatitumiza kukajambulitsa m'mutu.

Tinapita ndithu. Makina ake ndi aja munthu amalowamo chogona, a maginito amphamvu. Mayi wojambula atamva ntchito yanu anaimitsa zonse. Anati kachitsulo kakakhala kuti kanabisala m'diso, maginitowo angakakoke n'kukuphulitsani diso, choncho muyambe mwakajambulitsa maso pa ekisire, mubwerenso. Mayi uja anachita bwino, ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli ndi inu. Munatuluka mukung'ung'udza kuti akukuyendetsani ngati mwana, pamene geti la eni likudikira kushedi. Ndinakugwirani malaya pakhonde pomwepo anthu akuyang'ana. Munachotsa dzanja langa mwaulemu, n'kulonjeza sabata yamawa. Sabata yamawayo inabereka inzake, inzakeyo n'kuberekanso. Amayi anu nawo anati ndileke kukulodzani ndi pakamwa. Lero akalowa m'chipinda chanu amatuluka maso ali psuu, ndipo awirife nkhaniyi timangoilambalala.

Musayese kuti sindikusowani. Ndimakhalabe pa mpando wachitsulo uja munandipangira, wokhala ndi zogwirira zazitali kuti ndizidzuka osaitana munthu. Ndikamva mluzu pa geti mtima umadumpha, ndimayesa mwabwera kudzandinamiza kuti mwandipezera mkazi mnzanga wachitatu. Mkazi mnzanga weniweniyo, mkazi wanu, chigubu chija sanachitaye, amachitsukabe. Mwana wanu wayamba sukulu, kuseka kwake ndi inu ndendende, kusamvanso ndi inu. Akabwera ndimamuimitsa, ndimamuuza ayang'ane mphuno yanga, ine n'kumagwedeza zala cha kumbali. Iye amayesa ndi masewera. Ndamva kuti izi sizitengera kumtundu, koma andileke, maso ndi anga.

Tsiku lija munatisiya, dzuwa lili pamutu, mutasenza chitsulo paphewa, munawoloka msewu umene munkauwoloka moyo wanu wonse. Lole inachokera kumanzere. Amene anaona akuti simunathamange, simunatembenuke n'komwe, munangoyenda ngati msewu uli mbee. Kuchipatala anakujambulani m'mutu pa makina ena ofulumira, pofuna kuona pamene mwavulala, ndipo m'pamene anachipeza. Dokotala anandilozera pa galasi. Chinali chotupa chonga dzira la nkhunda, chitakhala pamwamba pa kachiwalo kakang'ono ngati nyemba kamene kamalamulira madzi ndi mphamvu m'thupi, chikupsinja mitsempha ija ya maso. Anati n'chosowa, sichionekaoneka, koma sichinali chofalikira. Akanatha kuyesa kuchichotsa podzera m'mphuno, osang'amba mutu. Podzera m'mphuno chabe, mdzukulu wanga. Chithunzi chimene ndinakuchondererani muli moyo ndinachiona inu atakufunditsani kale nsalu kumaso.

Ndikadali wokwiya nanu, amuna anga, ndipo ndidzakukalipirani bwino tikadzakumana. Kufikira tsikulo, ine, amayi anu, mlongo wanu, mkazi wanu ndi mwana wanu sitidzakuchotsani mumtima.

Ndine agogo anu, aSamalani