Wamantha wa m'buku la Bambo

Wokondedwa msuweni Araba,

Landira moni wa ku Cape Coast. Ukukumbukira tili ana, Bambo akutiwerengera pakhonde buku lomwe analemba la opalasa bwato, mng'ono wawo Kwamena n'kunyamuka nkhani ili pakati? "Wamantha wotsimphinayu ndi ine," anatero, ndipo sanapondenso kwathu.

Mwezi watha mvula itawatsekera m'nyumba, amalume ako a Kwamenawo anawerenga bukulo mpaka kumapeto, pomwe wamanthayo amapulumutsa anzake onse. Akazi awo andiuza kuti amalumewo anangopukusa mutu n'kunena za Bambo kuti: "Nkhalamba imeneyi, osandiuza bwanji?"

Mtima wanga wakhala pansi. Zoona, Bambo sakugwiranso cholembera, ndipo zimene adokotala anandinong'oneza ndidzakuuza pamaso. Koma amalume ako akubwera Lamlungu. Bambo akuti ndiike mipando iwiri pakhonde pomwe paja.

Ndine msuweni wako,
Ekuwa