Kadiresi ka Mayeso a Hana

Mudzi wa Kamtedza,
Malomo, Ntchisi.
12 Juni, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Manesi,

Zinayamba Lachitatu la sabata yatha m'mawa, pamene ndinatsegula sutikesi ya mlamu wanu Hana kufuna chipewa cha mwana. Koma ndisanalowe m'menemo ndiyambe ndakupatsani moni. Muli bwanji ku Limbeko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Ife kuno m'thupi tili bwino, kupatula kachifuwa ka Mwayi kamene kabwera ndi mphepo ya Juni. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Foni ya pano ndi ya apongozi, ndipo ukamalankhula amakhala pompo akuswa mtedza. Chinanso, foni singanyamule chimene ndaika mu envulopumu. Mwakaona kansalu ka buluu ka timaluwa toyera? Musakataye, mumva ntchito yake.

Mukukumbukira kuti pamene Hana anasiya sukulu ali Fomu 3 chifukwa cha mimba ya Mwayi, ndinu munandiuza pamaso pa ankhoswe kuti, “Mwana wa eni wamutulutsa m'kalasi ndiwe, ukamubwezerenso ndiwe.” Ndinavomera, ndipo sindinabweze mawu. Chaka chino ali Fomu 4, mayeso ali pakhomo. Pa zonse zimene amaphunzira, mtima wake uli pa zosoka ndi zophika. Ine poyamba ndinkaona ngati kutaya fizi, ndinkati kodi kuphika nakonso kumafuna mphunzitsi? Koma munthu ndinamuona akusintha. Mchere amayeza ndi kasupuni. Masikono amaphika mumphika, makala pansi makala pamwamba, n'kutuluka ngati a m'shopu. Tsiku lina anandiyalira nsalu patebulo, foloko uku mpeni uku, akuti ndikhale ngati woyesa mayeso. Mbatata ndinaithamangitsa ndi foloko mbale yonse mpaka inagwa pansi, galu n'kupindula. Hana anaseka mpaka misozi. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti m'nyumba muno munali kuseka.

Nsalu ija munatumiza mu Febuluwale, mamita awiri, ndi imene anasokera kadiresi kake ka mayeso. Miyezi inayi, achemwali. Pasukulu pawo makina ndi awiri, atsikana makumi awiri ndi kanthu, ndiye iye mpata wake umakhala Lachiwiri masana okha. Zotsala zonse n'zapamanja. Aphunzitsi awo, a Madamu Diana, salola kuti zosoka za mayeso zituluke pasukulu, koma Hana yekha anamulola kuti azibwera nako kunyumba, poti anzake akamatsalira madzulo iye amathamangira mwana. Ankasokera pakhonde atasamba m'manja kawiri, akatha n'kukakulunga m'pepala, n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi. Anandiuza kuti, “Bambo a Mwayi, aka musakakhudze.” Ine ndinatenga ngati akunena za manja angawa, poti munthu wa kabaza manja ake sachoka girisi.

Sabata yatha a Fomu 4 anawagoneka kusukulu kuti aziwerenga, Lolemba mpaka Loweruka. Mwana anatsala ndi ine ndi apongozi. Lachitatu lija kunazizira kwambiri, nkhungu yatsika mpaka m'dimba, ndipo timadiresi tiwiri ta Mwayi tonse tafupika, kena kong'ambika kukhwapa. Pofuna chipewa ndinaona pepala lija, ndinafunyulula. Kadiresi kokongola zedi, koma kwa maso anga kosatha. M'munsi theka lopinda, theka ayi. Ulusi wina wofiira ukungodumphadumpha pamwamba ngati wasoka munthu wothamangira basi. Mabowo a mabatani atatu otha, awiri ongolemba ndi choko. M'kati, m'misoko, nsalu yotsala yambirimbiri. Nditamuyeza Mwayi kanamufika m'mapazi, manja ake osaoneka. Mwana wa zaka ziwiri, kadiresi ka wazaka zinayi.

Ndinaganiza monga ndimaganizira pa njinga: chinthu chikakanika umapita nacho kwa mmisiri. Ndinati mkazi wangayu watopa, mabuku uku, mwana uku, singano uku, mpaka walakwitsa muyeso wa mwana wake yemwe. Ndimuthandize, akabwera Loweruka apeze ntchito yatha, mwana wavala.

Ndinapita nako kwa a Hassani, atelala a pakhonde la sitolo pa Malomo paja. Anakatembenuza, anakayang'ana m'kati nthawi yaitali, n'kuti, “Mikayeli, wasoka aka ndani?” Ndinati mayi a kunyumba. Anati, “Dzanja ili ndi labwino. Nanga ukuti ine ndichitepo chiyani?” Ndinati mumalize, muchepetse kuti kamukwane uyu, poti Mwayi ndinali naye pakaliyala. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati, “Eni ake akudziwa?” Achemwali, apa ndi pamene ndinanama. Ndinati andituma ndi iwowo.

A Hassani ntchito amaidziwa. Anadula m'munsi, anadula m'mbali, manja anafupikitsa. Ulusi wofiira uja anausolola wonse. Za mabatani anati n'zochedwetsa povala, anadula mzere wonsewo n'kuikapo zipi. M'khosi munali kansalu koyera kolembedwa manambala ndi ulusi wakuda, anati kazimukanda mwana, anakachotsa ndi lezala. Ine ndili pompo ndikuvomereza ndi mutu. Mwayi atavala, amayi ogulitsa tomato anachita kumuimbira nthungululu, ine chifuwa n'kukula.

Loweruka masana ndinamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, kumuveka, n'kukakhala naye panjira kudikira. Hana atangotulukira pamtengo wa mango paja, chikwama kumsana, Mwayi anathamanga akukuwa, “Mama, ona!” Hana anaima. Sanamunyamule. Anagwada, anatembenuza m'munsi mwa kadiresi, anayang'ana m'khosi, zipi anaitsitsa n'kuikwezanso. Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati pali wodwala pafupi, “Zidutswa zake zili kuti?” Ndinati zinatsala kwa atelala. Anati, “Chabwino.” Ananyamula mwana n'kulowa m'nyumba.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi amayi a chigwirizano anamuzungulira. “Mayi a Mwayi, sukulu yakupindulirani! Taonani zipi, ngati ya m'sitolo!” Iye anangoti, “Zikomo, ndi bambo akewo.” Panjira ndinati, Hana, ngati ndalakwa undiuze. Anati, “Munafuna kuthandiza.” Basi. Akanandilalatira bwenzi ndapepukidwa. Madzi osamba akundiikira, chakudya akundipatsa, zonse mwaulemu ngati ndine mlendo wogona tsiku limodzi.

Lolemba ndinavala shati yanga ya kutchalitchi, ndinakulunga kadiresi m'pepala lomwe lija, n'kupita ndekha kusukulu. A Madamu anandilandirira m'chipinda chosokera, atsikana akusuzumira pawindo. Anakayala patebulo n'kugwira pakamwa. Anati, “Bambo, oyesa mayeso sabwera kudzaona mwana atatchena. Amabwera kudzatembenuza chovala, aone m'kati. Atsikana onse tinawapatsa muyeso umodzi, wa mwana wa zaka zinayi. Mabowo a mabatani osoka pamanja ali ndi malikisi ake, mpendero wa pamanja uli ndi ake, misoko ili ndi ake. Kansalu munachotsa m'khosi kaja ndi nambala yake ya mayeso. Aka ndikapereka, aliyense aona kuti ndi ntchito ya telala. Adzati wabera, ndipo zikhoza kumuonongera ndi maphunziro enawo. Inenso adzandifunsa kuti kanatuluka bwanji pasukulu pano.”

Ndinati, “Madamu, nanga ndikabwera ndekha tsikulo, ndiwauze kuti wolakwa ndine?” Anati, “Inu mulibe nambala, bambo. Alibe pokulembani.”

Njira akuti ndi imodzi yokha. Hana asoke kena kuyambira pachiyambi, kafike pasukulu Lachisanu pa 21. Koma nsalu ikhale yomweyo, chifukwa m'kabuku kake ka mayeso, mmene anajambula kadiresiko, anamatamo kale kachidutswa ka nsaluyo, ndipo kabukuko kanadindidwa n'kutsekeredwa mu ofesi. Anati, “Pa ana onse amene ndaphunzitsa pano, dzanja la Hana sindinalione. Ndinkafuna akapitirize kukoleji. Makina ndimupatsa masiku onse, anzake adikire. Koma miyezi inayi kuipanikiza m'masiku khumi, kaya.” Potuluka anandibwezera kadiresi, anati, “Katengeni, mwana azivala.”

A Hassani atamva anavula magalasi. “Unandinamiza, mwana iwe. Ndinakufunsa, sindinakufunse?” Anakhuthula thumba la zinyalala zawo, tinatola zidutswa tonse awiri. Chachikulu ndi chimene ndakutumiziranichi, zinazo sizikwana ndi kolala yomwe. Malomo yonse nsaluyo palibe. Dzulo ndinapalasa mpaka ku boma, kuchoka apo mpaka Mponela, osanyamula ndi munthu mmodzi yemwe. Buluu alipo, koma maluwa ake achikasu. Kwina maluwa oyera, koma aakulu ngati mbale. Mayi wina wa m'sitolo anati, “Tengani iyi bambo, mwana sadziwa kusiyanitsa.”

Pali china chimene sindinauze munthu, ndiuze inu. Pa siteji ya kabaza anzanga amandiseka masiku onse. Amati, “Palasa Mikayeli, palasa, ukuphunzitsira aphunzitsi mkazi.” Amati akadzakhoza adzapita ku Lilongwe, ine wa Sitandade 5 adzandisasa ngati matope a kunsapato. Ndimaseka nawo, koma mawuwo ndimabwera nawo kunyumba. Ndiye kuyambira Loweruka ndikungodzifunsa: pamene a Hassani anafunsa ngati eni ake akudziwa, ndinanamiranji? Ngati ndinkangofuna kuthandiza, bodza linali la chiyani? Ndikafufuza mumtima ndimapeza kuti ndinkafuna kumusangalatsa, ndipo si zabodza. Ndikafufuzanso ndimapeza kuti mawu aja akuti musakakhudze ndinawamva bwinobwino. Sindikudziwa, achemwali. Inu munandilera, mwina mukundidziwa kuposa mmene ndikudzidziwira.

Apongozi sanandinene kanthu pamaso. Koma dzulo pothamangitsa nkhuku zogula zimene zimalowa m'nyumba anakuwa kuti, “Zobwera nazonso, zimangodziwa kuononga!” Nkhuku sizinamve, ndinamva ndine. Akuti atumiza uthenga kwa amalume ake a Hana, a Elifala, ku Chezi. Mukudziwa kuti pano ndine mkamwini, nyumba ndinamanga ndine koma dothi ndi lawo. Akandiuza kuti ndinyamule njinga yanga ndizipita, ndidzangoinyamula n'kumapita. Koma chimene chikundidya si chimenecho. Hana akalephera chaka chino, fizi ya kubwereza ndilibe, ndipo ndikumudziwa Hana, sadzabwereranso kachitatu kukakhala pakati pa ana.

Pempho langa ndi ili. Tengani kansaluko mupite nako kusitolo kumene munagula. Mamita awiri, ulusi woyera, ndi timabatani tisanu toyera. Kalatayi ndapatsira munthu amene akunyamuka mawa m'mamawa, ndiye ikupezani mawa madzulo. Mukapeza Lachisanu, muike pa basi ya ku Lilongwe Loweruka, ine ndikaidikira kudepoti. Zikatero atsala ndi masiku asanu. Ngati nsaluyo inatha, musandibisire. Imbani pa foni ya apongozi, mungoti kulibe, ine ndimva.

Hana sindinamuuze kuti ndikukulemberani, kuopa kumuyembekezetsa chinthu chimene mwina kulibe. Sindikudziwanso ngati nsaluyo ikabwera adzaigwira. M'mawa uno asanapite kusukulu ndinamuona atatulutsa mapepala ake odulira aja. Anawayala pamphasa, anawasalaza ndi dzanja limodzilimodzi, anawayang'ana, kenako anawapindanso n'kubweza m'sutikesi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Moni wa apongozi sindinapemphe. Hana akanadziwa bwenzi akukupatsani wake, amakukondani kwambiri. Mwayi yekha ndiye akupereka moni ndi mtima wonse. Kadiresi kaja akukana kuvula, tikati tichape amalira mpaka kutsamwa. Amayi ake akangofika kuchokera kusukulu amawazungulira nako pabwalo, akugwira m'mphepete, kuti amuone. Hana amamuyang'ana n'kuti, “Watchena, mwanangu.” Ine ndimangozemba n'kupita kuseri kukapukuta njinga yopukutapukuta kale.

Mutipempherere.

Ine mlongo wanu wosowa pogwira,
Mikayeli

Ndinaiwala. Ya nsaluyo ndidzakubwezerani ndikagulitsa soya. Kwa a Hassani ntchito ija inali K5,000, ndinapereka K3,000. Akuti ngakhale zatha choncho, makina awo anayenda ndithu, ndipo sakunama. Yatsala K2,000.