Dothi la Pamanda a Chester

Mzimba Boma
14 Ogasiti 2023

Okondedwa adumbu a Judith,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tiliko, kupatula amama. Miyendo yatupa, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tingowatengera kumudzi ku Edingeni, ndipo ali komweko. Tanthauzo lake mukulidziwa.

Pali chinthu chikundidya mumtima, ndatopa kuchisenza ndekha.

Chester wathu atamwalira ku Goma, ku Congo, pa ulendo wa thiraki, malire anali otseka chifukwa cha korona, madalaivala anzake n'kumuika komweko. Chaka chatha akuluakulu anandituma kukatapa dothi la pamanda ake kuti mzimu wake ubwere kwawo. Ndinabwera ndi kathumba, tinakakwirira pafupi ndi adada, ng'ombe inagwa, aliyense n'kumandiyamika.

Adumbu, dothi lija silinali la pamanda.

Dalaivala amene anamuika anandiperekeza. Anati manda ali pansi pa mtengo wa mapeyala, kuseri kwa tchalitchi. Titafika, mtengo palibe, tchalitchi palibe. Phiri la kumeneko linalavula moto, miyala yosungunuka inayenda ngati phala n'kukwirira zonse. Pomwe panali chigwa pali chitunda, thanthwe lakuda lokhalokha, lakuthwa mpaka linandiboola nsapato. Mnzangayo anazungulira tsiku lonse, kenako anakhala pansi n'kunena kuti mwina tikumuponda, mwina ali kutali, sakudziwa. Ndinabwereka khasu kwa mayi wina. Linangopindika.

Ndinaopa kubwera chimanjamanja. Dothi ndinatapa m'mbali mwa msewu pa Jenda nditatsika basi. Amama ataliona anadabwa kuti ndi lofiira ngati lakwathu, ine n'kuvomera kuti eya, dziko ndi limodzi. Manyazi andigwira mpaka lero.

M'mawa uliwonse amama amakwawa kukasesa pomwe tinakwirira kathumbako. Dzulo anandigwira dzanja, akuti yewo chomene mwana wanga, ndifa mtima uli m'malo. Akuti tidzawaike pambali pa Chester kuti asagonenso yekha.

Ndinangoti mbwenu, zili bwino, amama.

Ndikawauza, ndawapha lero lomwe. Ndikakhala chete, ndidzawagoneka pafupi ndi fumbi la m'msewu. Ndiuzeni chochita, ngakhale ndikuona kuti yankho lanu lidzatipeza titaika kale.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Popempherera amama mutchulenso Chester, chifukwa komwe ali palibe adzamupeze.

Ine mlongo wanu,
Tumbikani