Tikeke ta m'Makapu ndi Chitengwa Changa

Lachitatu, 21 Disembala 1955

Ntchito ndaipeza! Ukhukhi kwa mzungu wogula mpunga ku Kota Kota, kuyamba Januwale, kanyumba ka kuseri kaliponso. Chatsala n'chakuti apongozi aakazi alole ndimutenge mkazi wanga Enelesi chitengwa. Akakana, ntchito yapita, chifukwa ndekha sindipita. Ndiye kuti ndikalambira pano pa Mwadzama ndikulima chinangwa chawo.

Ine ndi apongozi sitiyang'anana, tikakumana panjira ndimalowa patchire, ndiye mawu awo wabweretsa ndi Enelesi. Ati mwamuna wosadziwa ngakhale kupalasa bwato adyetsa mwana wawo chiyani, mbale zotsuka? Chabwino. Pa Khirisimasi aona. Ndili ndi kachitini ka koko ndi khofi pang'ono, zondipatsa dona wanga wakale. Ndiphika tikeke.

Lachinayi, 22 Disembala

Mazira apongozi aletsa. Enelesi ndi woyembekezera, ati akalawa dzira mwana abadwa ndi dazi. Ndafunsa kuti nanga malume ake a Batolomeyo, mutu ngati chipanda uja, amayi awo anadya mazira angati? Enelesi waseka mpaka kutsamwa, koma wakana kukapereka funsolo.

Mkaka kulibe, batala ndiye tisanene. Ndiika nthochi zakupsa, mafuta a mtedza, soda ndi ndimu. Uvuni wanga: mphika waukulu, mchenga pansi, makala pachivundikiro.

Lachisanu, 23 Disembala

Ndazungulira mudzi wonse kubwereka makapu achitsulo, ndapeza asanu ndi awiri. A Maimuna a nyumba yoyandikana apereka yawo nditalumbira kawiri kuti simulowa mafuta a nkhumba.

Kuyesa koyamba: miyala. Ndinaiwala soda. Ine, munthu wa zaka zinayi m'khitchini ya dona! A Batolomeyo agogoda kamodzi pabwato lawo, ati ndiwapatse tonse akamangirire ku ukonde.

Amayi opita kumadzi asintha njira, akudutsa dala pano kuti aone mwamuna akusefa ufa.

Loweruka, 24 Disembala

Soda ndachulutsa. Tikeke tafufuma mpaka kukankha chivundikiro, phala lakuda mbwee pamchenga, nkhuku n'kumakondwa. Koko watsala wa ulendo umodzi basi. Ndikuopa, kunena zoona ndikuopa.

Lamulungu, 25 Disembala

Ndaphika tisanapite ku Misa, ndipo m'tchalitchi ndimangopempherera mphika. Tikeke tatuluka bwino! Tofewa, totukuka pamwamba, fungo la khofi mpaka kumsewu.

Titatha mpunga ndi nkhuku, Enelesi wapititsa makapu kuseri kwa mpanda, kumene apongozi amadyera ndikakhalapo. Ndamva akununkhiza, ati zapserera izi, zakuda bii. A Batolomeyo adya tiwiri, ati akuyesera banja lonse ngati mulibe poizoni. Kenako kuseri kuja ndamva supuni ikukanda m'kapu. Patapita kanthawi, ikukanda m'kapu ina.

Mwadzidzidzi apongozi atulukira, akhala pamphasa moyang'anana nane, maso ndi maso. Zaka ziwiri, lero ndi poyamba! Ndasowa poika manja. Mumtima ndati basi, Kota Kota tafika.

“Bambo, izi mwaphika ndinu?”

“Ndine, amayi.”

“Popanda dzira?”

“Popanda dzira.”

Anyambita chala, aganiza pang'ono.

“Ndiye munthu wotere ndikamupereke kwa mzungu? Ayi. Simupita kulikonse. Khasu lisiyeni, inu muzingophika.”

Enelesi wagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati amaseka kapena amalira. Ine kalata ya ntchito ili m'thumba la malaya a Khirisimasi, yanyowa ndi thukuta. Apongozi andiikira kapu yawo m'manja, ati mawa m'mawa ikhale yodzaza.

Koko watha. Sindinawauze.