Nsapato za Bambo a Queen

Okondedwa achimwene a Mathew,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tiliko, kungoti mvula yachedwa, tiyi sakuphuka, moti ambiri atiimitsa ku esiteti.

Alamu anu, bambo a Queen, apeza ganyu yonyamulira alendo zikwama pokwera phiri la Mulanje. Ndi ulendo wa masiku atatu, anyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Akuti avala majombo awo othyolera tiyi, mapazi atakulunga m'mapepala a pulasitiki monga timachitira kukakhala mame. Ndawauza kuti m'munda munthu umakhala chiimire, koma kuphiri n'kuyenda tsiku lonse, ndipo phazi likachita thukuta m'menemo matuza sachedwa. Angondiyankha kuti ndisawaphunzitse kuyenda.

Poti inu mumagulitsa nsapato za kaunjika, chonde muwasankhire zolimba kunsi, zogwira akakolo, zoti wina anazivalapo mpaka zinafewa. Mutenge saizi naini, osati eyiti yawo ija, ndi masokosi okhuthala. Phazi lamanzere likufuna malo.

Mukukakumbukira kachilonda ka pachala chachikulu cha phazilo kaja? Sikanapolebe kuyambira Juni. Iwo akuti sikawawa n'komwe, ndipo akuyesa ndi nkhani yabwino. A nesi atawayeza n'kuwapeza ndi shuga, ananditengera panja n'kundiuza zina za phazilo zimene dzanja langa likukana kulemba. Eni ake sindinawauze.

Muzitumize pa basi, ndikazilandira ku Luchenza. Musachedwe achimwene, zifike akadali ndi mapazi ovalira zonse ziwiri.

Ndine mlongo wanu,
Eneless