Phulusa la Mbewa pa Ayezi

Lachitatu, Okutobala, ku Nyimba. Dzuwa linali loswa mtengo, koma mtima wanga ukadali m'kalasi.

Ndinapempha zibuma ziwili za ayezi kwa amai a pa shopu. Ana anga a giledi 7 anaziika padzuwa. China anachisiya choyela, china anachiwaza phulusa lakuda lochokela kuseli kwa sukulu, komwe anthu atentha tchile posaka mbewa. Chakudacho chinasungunuka tikuona, chinzake chikadali chilili. Ndinawauza kuti choyela chimabweza kuwala kwa dzuwa, chakuda chimakumeza, ndipo ayezi wa pamwamba pa mapili akutali akada amathanso motelo.

Tisa, mtsikana wina wosayankhulayankhula, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye utsi wa mbewa zathu umafika kumeneko?"

Ndinati mphepo imanyamula mwaye kutali, koma mpaka pati, sindidziwa.

Pobwelela kunyumba ndinaona mapili a ku Ndake akuyaka, utsi uli tolotolo. Kaphulusa kakuda kanatela pa malaya anga oyela. Ndinaima pamseu osakasasa. Kanzake kanangopitilila m'mwamba, ndipo kumene kakatele...