Nkhope ya a Tunnicliffe Pansi pa Soseji

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndipo kumpingo kwathu ndimayang'anira khitchini ya Lachinayi. Timadyetsa aliyense wobwera ndi njala: okalamba okhala okha, othyola zipatso m'minda, amayi amene malipiro awathera pakati pa sabata. Chakudya chambiri timalandira ku bungwe lina la mumzinda, limene limapereka kwa okhawo amene ali m'kaundula wa boma wa mabungwe achifundo. Mayina m'kalatamu ndasintha, ngakhale kuno aliyense adziwa.

Loweruka likubwerali tikusankha makhansala, ndipo monga mwa nthawi zonse anthu adzavotera mu holo yathu. Ine ndi mnzanga Glenys tidzakhala panja pachiwaya, kuotcha masoseji. Munthu akavota amafuna soseji yake pa buledi, anyezi pamwamba, basi wapita. Timagulitsa, n'kupezerapo ndalama ya gasi wa kukhitchini.

Nkhani inayambira padenga. Tchalitchi chathu chinkadontha moti tinkaimba nyimbo mabigiri ali pakati pa mipando. Chaka chatha a Warwick Tunnicliffe, ogulitsa mapampu othiririra, anatikhomera malata atsopano. Tinathokoza ndi mtima wonse. Sitinadziwe kuti Mzimu unawakumbutsa za denga lathu mwezi womwewo umene unawauza zoimira ukhansala.

Lamulungu lapitali Abusa Purcell anaima pagome n'kunena kuti, "Abale, lamulo silindilola kukuuzani woti mukamuvotere, ndiye ine ndatseka pakamwa. Ndingopempha kuti tonse tikweze maso kumwamba, kumene thandizo lathu lichokera." Mpingo wonse unayang'ana malata. Glenys yekha ndiye anayang'ana nsapato zake, chifukwa amene akupikisana ndi a Tunnicliffe ndi mkulu wake, Noelene.

Titaweruka, Abusa anandipatsa katoni ya timapepala tokulungira soseji, tija munthu amapukutira m'manja. Pa kalikonse pali nkhope ya a Tunnicliffe, mano onse panja, kabokosi kovotera kolembedwa 1 kusonyeza woyenera kumusankha, ndipo m'munsi mwake mtanda ndi dzina la mpingo wathu. Ndinati, "Abusa, si zimenezi amachotsera nazo anthu m'kaundula?" Iwo anaseka. "Aa, mayi, ndani anazengedwapo mlandu chifukwa cha kapepala ka mafuta? Ulaliki wanga munaumva nokha, unali woyera. Izi n'zakukhitchini, boma silifikako."

Glenys atasuzumira m'katonimo anandiuza kuti, "Iwe, ukangokulunga soseji imodzi m'nkhope ya bambo ameneyu, ndijambula, nditumiza kuboma, ndipo anyezi uzikazinga wekha mpaka kufa." Sanaseke.

Ndiye ndapeza nzeru. Ndipinda timapepalato nkhope ilowe mkati, mbali yoyera ikhale kunja. Abusa aona kuti katoni yatha, Glenys saona kanthu, ndipo a Tunnicliffe azitulukira munthu atadya kale, pofuna kupukuta pakamwa. Kodi pamenepo lamulo lingandipeze? Ndikulemba moseka koma ndili ndi mantha, Aphungu. Khitchini ikatsekedwa, sindikudziwa chimene ndidzawauze anthu aja pakhomo.

M.D., Cootamundra

Mayi M.D.,

Nzeru yanu ndaigomera. Boma lili ndi maloya odzaza nyumba zosanja, koma zoonadi palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo kuti pepala lopinda limatambasulika. Glenys nayenso, mayi amene wapukuta manja pachiwaya chimenecho kuyambira kale, Loweruka lokhali adzapukutira m'diresi. Ndipo mphepo ya ku Cootamundra yalonjeza kuti sidzaulutsa kapepala ngakhale kamodzi kupita pamzere wa ovota. Zonse zakuyenderani.

Tsopano tikambe zoona. Mpingo umene uli m'kaundula umakhululukidwa misonkho ina chifukwa ntchito yake ndi ya aliyense. Posinthana, suloledwa kukhala makwerero a chipani kapena a munthu wofuna mpando. Ukhoza kulalikira za madzi, za lendi, za njala, mokweza mmene ungathere. Ukhoza kuitana a Tunnicliffe ndi a Noelene limodzi kuti ayankhe mafunso ofanana. Abusa anu, ngati nzika, akhoza kuvula kolala n'kukagawa mapepala kumsewu tsiku lonse, dzuwa liwaphunzitse ndale. Chimene sangachite n'kuika dzina la mpingo pansi pa kabokosi ka 1. Zoti lamulo limathera pagome, kukhitchini silifika, amenewo ndi malemba amene anawapeza okha.

Sindikuopsezani. Katoni imodzi mwina singakuchotsetseni m'kaundula tsiku lomwelo. Kawirikawiri aboma amayamba ndi mafunso. Koma mafunso akayamba, ulaliki wa malata uja udzakumbukika, ndipo bungwe lokupatsani chakudya silidikira kuti mlandu uthe lisanayambe kuchita manyazi nanu. Komanso kampeni pafupi ndi khomo lovotera ili ndi malamulo akeake, ndipo amene adzagwidwe kapepala kali m'manja ndi inu, osati amene anakweza maso kumwamba.

Lero lomwe imbirani akulu a mpingo, muwaonetse kapepala kamodzi kotambasula bwinobwino. Dzina limene lasindikizidwapo ndi lawonso. Musanyamule nokha nkhaniyi, mutu umodzi susenza denga, ngakhale kwanuko akuti wa a Tunnicliffe unasenza. Katoniyo ibwerere kwa a Tunnicliffe ndi mawu aulemu othokoza malata. Ngati denga linali mphatso, sakwiya. Akakwiya, mwadziwa kuti munagula pangongole, ndipo ndi bwino kudziwa msanga.

Kenako gulani timapepala toyera, topanda nkhope ya munthu, n'kupita kwa Glenys. Muuzeni zonse, ndi nzeru yopinda yomwe, aseke akhute. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma naye mumutsine lake: ngati ali ndi baji ya kampeni ya Noelene, aisiye kunyumba. Chiwaya cha mpingo sichivota.

Abusa musakangane nawo za malamulo, akuposani kulankhula. Afunseni chinthu chimodzi chokha, pamaso pa akulu: chakudya chikasiya kubwera, kodi ndi iwo amene adzaime pakhomo Lachinayi kubweza anthu? Muwapatse nthawi yoyang'ana kumwamba.

Chenjezo langa ndi ili. N'kutheka akuchotsani pachiwaya, n'kuikapo wina womvera. Zikatero musabe katoni, musaitaye m'bini mwakachetechete n'kumati mbewa. Kanani poyera, masana, anthu akumva, chifukwa zobisa ndi zimene zakufikitsani popinda mapepala. A Tunnicliffe akapambana azikadya kukhonsolo, akagonja azikadya kwawo. Abusa sagona ndi njala, Noelene chimodzimodzi. Mbale imene aibetchera pa juga ameneyu ndi ya anthu anu a Lachinayi, ndipo m'katoni monsemo mulibe nkhope ya mmodzi wa iwo.

Aphungu